Alexander Whyte, mkulu amene dzina lake lidatsalira pa mkungudza

M'mabuku a sayansi, mtengo wa fuko lathu, mkungudza wa ku Mulanje, umalembedwa kuti Widdringtonia whytei. Mawu achiwiriwo ndi dzina la munthu. Mwini wake ndi Alexander Whyte, katswiri wa zomera wa ku Scotland amene adakwera phiri la Mulanje mu 1891, n'kudzayendanso kuno kumpoto, pa Nyika ndi kumapiri a Misuku, mu 1896. Ife a ku Mzimba, amene tili ndi nkhalango za Chikangawa ndi Perekezi pakhomo penipeni, mbiri ya mkuluyu ikutikhudza, chifukwa chimene adachidandaula ali pamwamba pa Mulanje ndi chomwe timachiona chaka ndi chaka kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa: moto wolusa.

Whyte adabadwa mu 1834 ku Fettercairn m'dziko la Scotland. Zaka zambiri za ukulu wake adakhala pa chilumba cha Ceylon, chomwe lero ndi Sri Lanka, komwe adazolowera zomera ndi nyama za kumaiko otentha. Pamene Harry Johnston ankabwera kuno mu 1891 kudzakhazikitsa boma la atsamunda ku Zomba, adamutenga Whyte kuti adzatsogolere ntchito za sayansi. Apa n'kuti mkuluyu ali ndi zaka 57. Masiku amenewo malungo ankapulula Azungu achinyamata, ndipo panalibe amene adali atatsimikiza kuti matendawa amabwera ndi udzudzu. Ronald Ross adadzaona tizilombo ta malungo m'mimba mwa udzudzu mu 1897. Munthu wa imvi kulolera kubwera kudziko lotere, n'kumakwera mapiri, sichidali chinthu chamasewera.

Ntchito yake idali pawiri. Ku Zomba adatsegula munda woyeserera mbewu ndi mitengo, womwe ndi chiyambi cha munda wa zomera umene ulipo mumzindawu mpaka lero. Kwinaku ankayenda m'tchire kutola zomera, mbalame ndi tinyama. Katoledwe ka zomera sikadasinthe kwenikweni kuchokera nthawi imeneyo: nthambi ya masamba, maluwa kapena zipatso imaikidwa pakati pa mapepala, n'kuipanikiza ndi matabwa, mapepalawo n'kumawasintha mpaka itaumiratu kuti isachite nkhungu. Pambali pake amalemba malo ndi tsiku. Mitolo yotereyi inkakwera sitima kupita ku London, kumene akatswiri ankaiyerekeza ndi zomera zodziwika kale. Chomera chikapezeka kuti sichidalembedwepo, ankachipatsa dzina la Chilatini, kawirikawiri lolemekeza amene adachitumiza. Amtengatenga amene ankasenza mitoloyo pamutu, ndi alenje amene ankadziwa njira za m'phiri, maina awo sadalowe m'Chilatini.

Whyte adakwera Mulanje mu Okutobala 1891. M'zigwa za pamwamba pa phirilo adapeza mitengo italiitali yowongoka, ya khungwa lokhuthala ndi fungo lokoma. Umodzi umene udali utagwa adauyeza: kutalika kwake kudali pafupifupi mamita 43, kutsala pang'ono kukwana theka la bwalo la mpira, ndipo thunthu lake lidali lopingasa mita imodzi ndi theka n'kupitirirako. Mabuku ena amati iye ndiye adautulukira mtengowu. Kunena zoona, anthu a m'munsi mwa phirilo ankaudziwa kalekale, ndipo dzina loti mkungudza sadabwere nalo pa sitima. Ngakhale mwa Azungu, m'busa Robert Cleland wa mishoni ya Church of Scotland adali atauona kale. Chimene Whyte adachita ndi kutumiza nthambi ndi zipatso zake ku London, ndipo mu 1894 katswiri wina, Alfred Rendle, adaulemba m'mabuku ndi dzina limene ulinalo lero.

Lipoti la Whyte lidanena zinthu ziwiri. Choyamba, matabwa a mtengowu ndi abwino kwambiri. Chachiwiri, moto wa chaka ndi chaka ukuwononga nkhalangoyo, mitengo ing'onoing'ono ikupsa isanakule, ndipo pakufunika kuiteteza. Boma lidamva msanga mfundo yoyambayo. Zaka za m'ma 1890 zisanathe, macheka adali atakwera kale phiri. Phirilo lidadzakhala nkhalango yotetezedwa ndi lamulo mu 1927, patapita zaka 36.

Kuti timvetse chifukwa chake chenjezo lakelo lidali lolemera, tiyeni tione abale a mkungudza a ku America. Akatswiri amauika mkungudza m'banja limodzi ndi mitengo ya sequoia ya m'mapiri a Sierra Nevada ku California, yomwe ndi mitengo ikuluikulu kuposa ina iliyonse pa dziko lapansi. Waukulu mwa yonse, wotchedwa General Sherman, ndi wotalika pafupifupi mamita 84, patsinde ndi wopingasa mamita 11, ndipo akatswiri amati uli ndi zaka zoposa 2,000. Udamera Yesu asanabadwe, kuchokera ku njere yosaposa kambewu ka mpunga. Boma la America lidakhazikitsa paki ya Sequoia mu Sepitembala 1890, kutatsala chaka chimodzi kuti Whyte akwere Mulanje, ndipo chaka chotsatira lidatumizako asilikali apakavalo kukathamangitsa odula mitengo ndi odyetsa nkhosa. Mu 1903 woyang'anira pakiyo adali msilikali wachikuda, Charles Young, amene anyamata ake adamaliza msewu wokafika ku mitengo ikuluikuluyo. Lero alendo amaiona ali m'tinjira tokonzedwa, kuseri kwa mpanda, chifukwa mizu ya sequoia siipita pansi kwambiri ndipo kupondaponda kumaivulaza.

Komatu asilikali okha sindiwo adapulumutsa sequoia. Matabwa ake ndi ophweka kusweka. Mtengo waukulu ukagwa unkaphwanyika, moti odula ambiri ankaluza ndalama. Mkungudza wathu udalibe mwayi umenewo. Thabwa lake siligwidwa chiswe, silifumbwa, silivunda msanga ngakhale m'madzi, n'losavuta kupala. Lidapita pa madenga, pa zitseko, m'maboti a panyanja ndi m'timabokosi togulitsa alendo. Ubwino wake ndiwo udaudyetsa nkhwangwa.

Pa nkhani ya moto, mitengo iwiriyi ikufanana modabwitsa. Sequoia wamkulu ali ndi khungwa lokhuthala mpaka theka la mita, moto wapansi umangomunyambita. Kutentha kumaumitsa zipatso zake zolimba kuti zitseguke, njere n'kugwera pa phulusa, pamalo owala opanda zinyalala, pomwe zimamera bwino. Kwa zaka zambiri oyang'anira pakiyo ankazimitsa moto uliwonse, kenaka adazindikira kuti mbande zasiya kumera ndipo nkhuni zouma zaunjikana pansi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1960 adayamba kutentha okha mwadongosolo, nyengo yozizira bwino. Komabe mu 2020 moto waukulu, utapeza nkhalango youma ndi chilala, udakwera mpaka kunsonga n'kupha mitengo ikuluikulu masauzande angapo. Mu 2021 ozimitsa moto adachita kukulunga tsinde la General Sherman ndi nsalu yonyezimira yosagwira moto.

Mkungudza nawonso sumera mumthunzi wa nkhalango yowirira. Umafuna malo owala, kawirikawiri m'mphepete mwa nkhalango pomwe padadutsa moto. Koma mbande yake ikapsa, yapita. Siphukiranso pachitsa monga amachitira masuku kapena mitengo ina ya m'tchire lathu la miombo. Choncho umafuna moto kamodzi, kenaka zaka zambirimbiri za mtendere kuti khungwa likhuthale. Moto wobwera chaka chilichonse umasiya nkhalango ya nkhalamba zokhazokha, yopanda ana. Izi ndi zimene Whyte adaziona ndi maso mu 1891, sayansi ya moto wa m'nkhalango isanayambe n'komwe.

Mu 1896, ali ndi zaka 62, mkuluyu adabwera kumpoto. Nthawi imeneyo dziko la Angoni a M'mbelwa lidali lisanalowe m'manja mwa boma la ku Zomba, zomwe zidadzachitika mu 1904. Whyte adatola zomera ndi nyama pa Nyika ndi ku Misuku, ndipo zambiri mwa izo zidali zachilendo kwa akatswiri a ku London. N'chifukwa chake dzina lake mulipezanso pa mbalame ndi tinyama tingapo ta dziko lino, kuphatikizapo kambalame koyamwa maluwa ka pa Nyika kotchedwa Cinnyris whytei.

Pa Nyika pomwepo ndi pamene kholo la ku Mzimba lingakaonetse mwana mbale wa mkungudza ndi sequoia ali chiimire. Kumwera chakum'mawa kwa phirilo kuli kankhalango ka mitengo ya juniper, Juniperus procera, mtengo wofala ku Ethiopia ndi Kenya umene kuno uli kumapeto kwenikweni kwa dera lake. Kankhalangoka kadatetezedwa mu 1948, Nyika isanakhale paki. Pakiyo, yoyamba m'dziko muno, idakhazikitsidwa mu 1965 ndipo idakulitsidwa mu 1978 kufika pa masikweya kilomita oposa 3,000. Kukulitsako kudasamutsa midzi, ndipo akuluakulu a ku Rumphi sadaiwale. Mitengo ya juniper idatsala m'kachigwa kamodzi, pakati pa udzu umene umapsa kawirikawiri, ndipo chimene chimaisunga ndi kulambula m'mbali mwake moto usanayambe. Ulendo wake ndi wodzera ku Rumphi n'kukalowera pa chipata cha Thazima, msewu wafumbi wovuta nthawi ya dzinja. Amene akutenga ana asaiwale zovala zamphepo ndi mabulangete. M'miyezi ya Juni ndi Julayi pamwambapo pamagwa chisanu choumitsa udzu, ndipo mwana wamng'ono amazizidwa msanga kuposa wamkulu.

Whyte sadakhalitse kuno atabwera ku Nyika. Mu 1898 adali ku Uganda, komwe adayambitsa munda wa zomera wa ku Entebbe m'mbali mwa nyanja ya Victoria. Pambuyo pake adakatolanso zomera ku Liberia, ali ndi zaka pafupifupi 70. Adamwalira ku England mu 1908.

Zimene zidauchitikira mtengo wake iye atapita n'zomvetsa chisoni. A zankhalango adabzala paini wochokera ku Mexico, Pinus patula, pamwamba pa Mulanje, ndipo painiyo adafalikira yekha n'kulanda malo omera mkungudza. Mu 1984 Dr Hastings Kamuzu Banda adalengeza kuti mkungudza ndi mtengo wa fuko, koma m'zaka zomwezo kudabuka nsabwe za m'mitengo zoyamwa madzi a nthambi zake, ndipo mitengo yambiri idauma. Lamulo lidalola kucheka mitengo yakufa yokha, anthu ena n'kumaipha dala poisenda khungwa kapena kuitentha kuti aicheke. Kalembera wa mu 2017 adapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha pa phiri lonse. Lero bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, a Forestry Research Institute of Malawi ndi anthu a m'midzi yozungulira phirilo akufesa ndi kubzala mbande zochuluka, koma mdani wamkulu wa mbandezo akadali moto womwe uja.

Paini yemweyo ndiye adadzaza Chikangawa, nkhalango yobzala ya mahekitala pafupifupi 53,000 pa mapiri a Viphya. Aliyense woyenda pa msewu wa M1 pakati pa Mzimba ndi Mzuzu waona mapiri amene kale adali obiriwira atasanduka zitsa ndi lupsa. Paini wamng'ono ali ngati mbande ya mkungudza: akapsa saphukanso. Miombo ya ku Perekezi imapirira moto wa kumayambiriro kwa chilimwe, udzu usanaumitsitse, koma moto wa Okutobala umapha mphukira zake, ndipo makala amamaliza zotsalazo. Mitengo imeneyi ikatha, bowa wa m'tchire amathanso, chifukwa bowayu amakhalira limodzi ndi mizu ya miombo ndipo samera popanda iyo. Uchi, masuku ndi mphalabungu, zomwe zimathandiza ana kupeza zakudya zomanga thupi ndi zoteteza ku matenda, zimapita nazo.

A zaumoyo m'midzi amaziona zotsatira zake m'njira ziwiri. Utsi wa moto wolusa uli ndi tinthu ting'onoting'ono tolowa mpaka mkati mwa mapapo. Umadzutsa mphumu ndipo umavutitsa kwambiri makanda, amayi oyembekezera ndi okalamba. Tsiku la utsi wambiri ana aang'ono akhale kutali nawo, ndipo mwana amene akupuma mofulumira, kapena chifuwa chikulowa mkati popuma, apite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Njira yachiwiri ndi madzi. Phiri lopanda mitengo silisunga mvula: madzi amathamanga ndi dothi kupita kumitsinje, zitsime n'kuphwa msanga, mabanja n'kuyamba kutunga m'zithaphwi, matenda otsegula m'mimba n'kuchuluka. Moto wambiri umayamba ndi zinthu zazing'ono, anyamata osaka mbewa, wofula njuchi wosiya muuni, wosuta fodya, kapena wotentha mapesi kumunda kukuwomba mphepo. Zambiri mwa izi zimachitika ndi machesi ochokera m'nyumba zathu zomwe.

Nthambi zouma za mkungudza zimene Whyte adatumiza mu 1891 zikusungidwabe ku London, zomatidwa pa pepala. Mbande zimene zikubzalidwa pa Mulanje lero zidzafuna zaka makumi ambiri zosapsa kuti zifike pa msinkhu wa mtengo umene iye adauyeza uja.