John Steinbeck, Mlembi wa Anthu Osowa Kwawo

John Steinbeck adabadwa pa 27 February 1902 m'tauni ya Salinas, m'chigawo cha California ku America. Bambo ake adali msungichuma wa boma la Monterey, mayi ake mphunzitsi. Adalowa sukulu yaukachenjede ya Stanford m'chaka cha 1919 koma adachokako mu 1925 wopanda digiri. Nzeru zomwe adadzadyera adazitola m'minda ya kampani ya shuga ya Spreckels, komwe ankagwira ganyu pamodzi ndi amuna oyendayenda, opanda mabanja, osenza zofunda zawo kumsana.

Anthu otere ndiwo adawaika m'buku lake laling'ono la Of Mice and Men, lomwe lidatuluka mu 1937. Nkhaniyo imachitikira pa famu ina pafupi ndi Soledad, dzina lomwe m'Chisipanishi litanthauza kukhala wekha. George, munthu wamng'ono thupi koma wochenjera, amayenda ndi Lennie, chimphona cha nzeru zamwana. Ubwenzi wotere ngwachilendo kumeneko, kotero kuti bwana wa pafamupo akayika kuti mwina George amadya malipiro a mnzakeyo.

Komatu luso la Steinbeck lionekera kwambiri mwa anthu apambali. Crooks, munthu wakuda wosamalira akavalo, amagona yekha m'kachipinda ka kukhola chifukwa azungu samulola m'nyumba yawo. Candy, nkhalamba yoduka dzanja, angoyang'ana kudenga pamene galu wake wokalamba atengedwa kukawomberedwa, podziwa kuti nayenso adzatayidwa mphamvu zikatha. Mkazi wa Curley sapatsidwa ndi dzina lomwe. Chomvetsa chisoni nchakuti mkazi yemweyu, wosowa wocheza naye, ndiye aopseza Crooks kuti angathe kumupachikitsa pa mtengo. Potsiriza Lennie apha mkaziyo mwangozi, ndipo George amuwombera yekha mnzakeyo gulu laukali lisanamupeze.

Steinbeck adaudziwa ubwenzi m'moyo wake womwe. Mu 1930 adakumana ndi Ed Ricketts, katswiri wa zamoyo za m'nyanja wa ku Monterey, yemwe adakhala mnzake wapamtima zaka 18. Ricketts adamwalira mu May 1948 sitima yapamtunda itagunda galimoto yake, ndipo chaka chomwecho ukwati wachiwiri wa Steinbeck udatha. Adabwerera ku California ali yekhayekha ngati anthu a m'mabuku ake.

Kwawo sadamukonde msanga. Eni minda adakwiya ndi buku la The Grapes of Wrath la mu 1939, losimba za nkhanza zochitira aganyu, mpaka ena adalitentha ku Salinas komweko. Adalandira mphotho ya Nobel mu 1962, namwalira ku New York pa 20 December 1968. Phulusa lake lidaikidwa m'manda a makolo ake ku Salinas.