Evgeny Paton, injiniya amene anakwirira moto wowotcherera zitsulo

Mukamadutsa pamsika wa Balaka kapena pa Liwonde mumawaona anyamata atawerama pa mageti, mafelemu a mawindo ndi ngolo, lawi lamagetsi lili thwanithwani. Ena amangovala magalasi adzuwa. Pofika usiku maso amayamba kuwawa ngati mwalowa mchenga, misozi ili chuchuchu. Chimachititsa ndi cheza chosaoneka cha lawi lija, chomwe chimawaula kachikopa ka kutsogolo kwa diso. Koma ilipo njira ina yowotcherera imene lawilo silioneka n'komwe, ndipo mmodzi mwa amene anaikulitsa ndi Evgeny Paton.

Paton anabadwa mu 1870 mumzinda wa Nice ku France, kumene bambo ake ankaimira dziko la Russia. Anamaliza maphunziro a uinjiniya ku Dresden, ku Germany, mu 1894, kenaka ku St Petersburg mu 1896. Kuyambira mu 1904 anali mphunzitsi pasukulu yaukachenjede ya zaluso ku Kyiv, m'dziko la Ukraine, ndipo anatchuka ndi ntchito yokonza mapulani a milatho.

Masiku amenewo milatho yachitsulo ankailumikiza ndi misomali ikuluikulu imene ankaiwotcha mpaka kufiira asanaikhomere m'zibowo. Inali ntchito yochedwa, yodya anthu ambiri, ndipo zibowozo zinkafooketsa chitsulo. Akatswiri ambiri sankakhulupirira kuti chowotcherera chingasenze katundu wolemera.

Mu 1929, ali ndi zaka 59, msinkhu umene anzake ankaganiza zopuma, Paton anatsegula kachipinda kofufuzira za kuwotcherera ndi magetsi. Mu 1934 malowa anakula n'kukhala bungwe loima palokha, lomwe lero limadziwika ndi dzina lake. Akatswiri a ku America nawonso ankayesa kuwotcherera pansi pa ufa, koma gulu la Paton linapanga njira yakeyake chakumayambiriro kwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse.

Njirayo imayenda chonchi. M'malo mwa kandodo kamene mumaona m'manja mwa wowotcherera, makina amatulutsa waya wosalekeza kuchokera pa chikulunga. Patsogolo pa wayayo pamathiridwa ufa wa mibulu ngati mchenga, wotchedwa flux. Lawi limayaka pansi pa ufawo. Ufa wina umasungunuka n'kuphimba chitsulo chamadzimadzi kuti mpweya usachiwononge, ndipo pakazizira umasanduka nkhanambo yosavuta kuchotsa. Wotsala amauwola n'kuugwiritsanso ntchito. Zothetheka kulibe, utsi ndi wochepa, ndipo msoko umalowa mwakuya. Vuto lake ndi lakuti ufa umatayika mukawotcherera choimirira kapena cha kudenga, choncho njirayi imafuna zitsulo zochindikala zogonekedwa.

Germany italowa m'dziko la Soviet Union mu 1941, bungwe la Paton linasamukira ku Nizhny Tagil, kufakitale yopanga akasinja otchedwa T-34. Amisiri odziwa ntchito anali atachepa, koma makina aja ankatha kuwayendetsa amayi ndi achinyamata ongophunzira kumene. Mu 1943 boma linamupatsa ulemu wapamwamba kwambiri wa anthu ogwira ntchito.

Nkhondo itatha anabwerera ku zimene anayamba nazo. Anatsogolera ntchito ya mlatho wa pamtsinje wa Dnipro ku Kyiv, wotalika mamita 1,543, wowotcherera wonse. Iye sanawolokepo. Anamwalira pa 12 August 1953, ndipo mlathowo unatsegulidwa pa 5 November chaka chomwecho, n'kupatsidwa dzina lake. Mwana wake, Boris Paton, anatsogolera bungwe lija mpaka mu 2020.

Lero njirayi ndi imene amawotcherera nayo mapaipi akuluakulu, sitima zapamadzi ndi mitanda ya milatho. Mukaona sitima ikuwoloka Shire pa Liwonde, panjanji ya Nkaya mpaka Nayuchi, kumbukirani kuti moyo wa anthu umadalira mfundo zolumikiza zitsulo.

Geti la kunyumba kwanu lidzawotchereredwabe ndi kandodo, lawi lili poyera. Ngati ntchitoyi ndi yanu, valani chigoba chokhala ndi galasi lowotcherera lenileni, ndipo ana asayang'ane. Maso akayamba kuwawa musawatikite kapena kuthiramo zinthu zosadziwika, pitani kuchipatala.