David Livingstone: Mnyamata wa M'fakitale ya Thonje

Ambiri a ife tinaphunzira kuti David Livingstone anafika kwa Chibisa, ku Chikwawa, m'chaka cha 1859 pa sitima yotchedwa Ma Robert. Koma za ubwana wake sitinamve kwenikweni.

Iye anabadwira ku Blantyre, m'dziko la Scotland, pa 19 Malichi 1813. Ali ndi zaka 10 analowa ntchito m'fakitale yopota thonje, kuyamba 6 koloko m'mawa, kuweruka 8 koloko usiku. Pa malipiro ake oyamba anapatulapo ndalama nagula buku la galamala ya Chilatini, chinenero chimene chinabala mawu ambiri ozama a Chingerezi. Akaweruka ankapita ku sukulu ya usiku, ndipo akabwerako ankafufuza mawu m'dikishonale mpaka pakati pa usiku. Masiku ena mayi ake ankachita kumulanda mabuku kuti akagone. Pofika zaka 16 anali akuwerenga Virgil ndi Horace.

Atafika kuno ku Chigwa cha Shire anapeza Amang'anja akulima thonje ndi kuomba nsalu zawo. Anamwalira kwa Chitambo, ku Zambia, mu 1873.

Anzathu ophunzira akale, mwana wa mlimi wa thonje wa ku Ngabu angathenso kutero, titamugulira mabuku ndi dikishonale.