Carl Correns ndi Chinsinsi cha Tsamba Lobiriwira

Ife a ku Kasungu timalidziwa tsamba la fodya kuyambira ku nazale mpaka m'chigafa, koma ndi ochepa amene tinafunsapo kuti kubiriwira kwake limakutenga kwa ndani. Mmodzi mwa anthu amene anayamba kuyankha funsoli ndi Carl Correns, katswiri wa zomera wa ku Germany.

Correns anabadwira ku Munich mu 1864. Makolo ake anamwalira iye akadali wamng'ono, ndipo anakulira kwa achibale ku Switzerland. Atakula anaphunzira za zomera kwa Karl Nägeli, kenaka n'kukaphunzitsa ku Tübingen, komwe anatha zaka akukwatitsa mitundu ya nsawawa ndi chimanga n'kumawerenga mbewu imodziimodzi. Mu 1900 anasindikiza malamulo a mmene chibadwa chimayendera kuchoka kwa kholo kupita kwa mwana. Apo n'kuti atazindikira kuti Gregor Mendel anali atalemba kale zomwezo mu 1866, anthu osazilabadira. Correns anaika dzina la Mendel pamutu penipeni pa nkhani yake, pamene akanatha kungokhala chete ulemu n'kukhala wake.

Koma ntchito imene ife taikonda kwambiri ndi ya mu 1909. Anafufuza duwa lotchedwa Mirabilis jalapa, limene tsinde limodzi limatha kukhala ndi nthambi zobiriwira, zoyera ndi zamawangamawanga. Anaona kuti mbewu yochokera pa nthambi yobiriwira imamera yobiriwira, ngakhale mungu utachokera ku nthambi yoyera. Yochokera pa nthambi yoyera imamera yoyera n'kufa msanga, ngakhale mungu ukhale wa nthambi yobiriwira. Mwana ankangotsata kuchikazi. Malamulo a Mendel, amene iye mwini anawatchukitsa, apa sanagwire ntchito, ndipo sanabise.

Lero tikudziwa chifukwa chake. Majini, tikunena a m'buku la sayansi osati aja timawatchula ku madrasa, sakhala malo amodzi m'selo. Ambiri ali mu nyukiliyasi, pa timizere ta DNA totchedwa makromozomu; munthu ali nawo 46, fodya 48, theka lochokera kuchimuna, theka kuchikazi. Koma makloroplasiti, tizigawo tobiriwira topangira chakudya m'tsamba, ali ndi DNA yawoyawo, yaing'ono, imene asayansi amaijambula ngati mkombero, mofanana ndi ya mabakiteriya ambiri, omwe alibe nyukiliyasi n'komwe. M'zomera zambiri, kuphatikizapo fodya, tizigawoti timafika kwa mwana kudzera m'dzira, osati mumungu. Mamitokondiriya a m'thupi lathu nawonso ali ndi DNA yawo, ndipo aliyense wa ife anawatenga kwa mayi ake.

Correns sanaone DNA imeneyi. Ankaganiza kuti gwero lili m'madzimadzi a m'selo ozungulira nyukiliyasi. Amene analoza makloroplasiti enieniwo ndi Erwin Baur, chaka chomwecho. Inu a Fomu 4 mayina awiriwa musawasokoneze.

Mu 1913 anasankhidwa kukhala mkulu woyamba wa Kaiser Wilhelm Institute for Biology ku Berlin, ndipo anamwalira mumzindawo mu 1933. Zolemba zake zambiri zimene anali asanasindikize zinawonongeka ndi mabomba mu 1945. Mu 1986 gulu la Masahiro Sugiura ku Nagoya, m'dziko la Japan, linawerenga DNA yonse ya kloroplasiti, zilembo pafupifupi 156,000, ndipo chomera chimene anagwiritsa ntchito chinali fodya.