Charles Lindbergh ndi Mwaye wa Injini

Aliyense amene adawerengapo usiku ndi nyali ya galasi adziwa kuti ukakweza chingwe mopitirira, lawi limafiira, utsi umafuka, ndipo galasi limada ndi mwaye. Pamenepo mafuta achuluka, mpweya wachepa. Munthu amene tikambe lero m'nkhani zathu za anthu otchuka adazidziwa bwino zimenezi, ngakhale kuti nyali yake inali injini ya ndege.

Charles Lindbergh adabadwa pa 4 February 1902 mumzinda wa Detroit ku America, nakulira ku Little Falls m'chigawo cha Minnesota. Sukulu siidamkomere kwenikweni, kotero mu 1922 adasiya maphunziro pa yunivesite ya Wisconsin napita kukaphunzira kuulutsa ndege. Pofika 1926 n'kuti akunyamula makalata pa ndege pakati pa St. Louis ndi Chicago.

Mbiri yake idawanda pa dziko lonse mu May 1927, pamene adanyamuka ku New York ali yekhayekha, nakatera ku Paris atauluka maola 33 ndi theka osaima paliponse. Anthu ambiri amatama kulimba mtima kwake, koma ine ndiona kuti chimene chidamuolotsa nyanja ndi masamu. Ndege yake, Spirit of St. Louis, inali ndi injini imodzi yokha ndipo idasenza magaloni 450 a petulo. Thanki yaikulu adaiika kutsogolo kwa mpando wake, kotero kuti njira ankaiona makamaka posuzumira pa zenera la m'mbali. Ola lililonse ankawerengera mafuta amene apsa ndi amene atsala, ndipo potera anali nawobe ena.

Kutchuka sikudampatse mtendere. Mu 1932 mwana wake wachisamba adabedwa naphedwa. Mu 1938 adalandira mendulo kwa Hermann Göring wa boma la Hitler, ndipo mu September 1941, polankhula ku Des Moines, adaloza chala Ayuda kuti ali m'gulu la amene akukankhira America ku nkhondo. Apa palibe chomuikira kumbuyo: adalakwa. Nkhondo itafika, boma la Roosevelt lidamkana kubwerera ku usilikali.

Tsono mu 1944 adapita ku nyanja ya Pacific monga munthu wamba, mlangizi wa kampani ya United Aircraft. Ku New Guinea adakhala ndi gulu la 475th Fighter Group, limene linkauluka pa ndege za P-38 Lightning. Mdani wa anyamatawa sanali Ajapani okha. Mtunda nawonso unkawadya. Zisumbu n'zotalikirana, ndipo munthu mafuta akamthera pakati pa nyanja kapena pamwamba pa nkhalango, kwake kunali kutha. Posakhalitsa amakaniko adazindikira kuti mlendoyu, amene anali ndi zaka 42, ankabwera ku ulendo ndi mafuta ambiri kuposa anyamata amene adauluka naye njira imodzimodzi.

Kuti timve chinsinsi chake tibwerere ku nyali ija. Injini siitentha petulo yekha, koma wosanganiza ndi mpweya, magawo pafupifupi 15 a mpweya pa gawo limodzi la petulo tikayesa kulemera kwake. Ndege ikamakwera mpweya umapepuka, injini n'kuyamba kubanika. N'chifukwa chake P-38 inali ndi makina otchedwa turbo: utsi wotentha wotuluka m'injini umapukusa kagudumu, ndipo kagudumuko kamapopera mpweya wopanikizika m'injini momwemo. Woyendetsa ali ndi chogwirira chimene amachulukitsira kapena kuchepetsera petulo. Akachulukitsa, petulo wotsala osapsa amaziziritsa injini, komatu amangotayika, nasiya mwaye wakuda m'mapulagi ndi kukamwa kwa paipi ya utsi. Akachepetsa mosasamala injini ili pa mphamvu yaikulu, moto umaphulika m'malo moyaka mwadongosolo, ndipo mavavu ndi mapisitoni amapsa. Anyamata aja, poopa ngozi yachiwiriyi, adasankha kumwaza mafuta. Ndani angawadzudzule?

Lindbergh adawaphunzitsa kuti paulendo wautali achepetse kuzungulira kwa injini kufika pa 1,600 pa mphindi, awonjezere mpweya wopanikizika, ndipo petulo amuchepetse. Zili ngati dalaivala wodziwa ntchito amene pa msewu wosalala amaponya giya yaikulu, osalola injini kumangolira. Injini yozungulira pang'onopang'ono imataya mphamvu yochepa pa kukhulana kwa zitsulo zake, ndipo poti siikugwira ntchito yolemetsa, petulo wochepayo saivulaza.

Amakaniko adadandaula kuti injini zionongeka. Lindbergh sadachulutse mawu. Adapitiriza kuuluka mwa njira yakeyo, ndipo atayang'ana injini zake adazipeza zili bwino. Mkulu wa nkhondo Douglas MacArthur atamva adamlola kuphunzitsa magulu ena. Kuyambira pamenepo ndege za P-38 zidayamba kufika kumene Ajapani sankaziyembekezera. Iye mwini adauluka maulendo a nkhondo okwana 50, nagwetsa ndege imodzi ya Ajapani mu July 1944, chinthu chimene munthu wamba sankaloledwa kuchita.

Mkangano uja sudathe. Eni ndege zazing'ono za turbo amatsutsanabe za muyeso wa petulo, ngakhale kuti tsopano ali ndi zipangizo zoyesera kutentha kwa utsi wa silinda iliyonse. Makaniko wozolowera amayambabe wayang'ana paipi ya utsi: mwaye wakuda umamuuza kuti petulo achuluka, pamene phulusa lotuwa, limene mbali yake ndi mtovu wa m'petulo wa ndege, limamuuza kuti moto ukupsereza mafuta onse.

Nkhondo itatha Lindbergh adalemba buku la ulendo wake wa ku Paris, limene lidalandira mphotho ya Pulitzer mu 1954, ndipo pa ukalamba wake adadzipereka kuteteza nyama zakuthengo ndi anamgumi. Adamwalira ndi matenda a khansa pa 26 August 1974 pa chisumbu cha Maui ku Hawaii, naikidwa komweko. Mu 2003 kudamveka kuti ku Ulaya adasiyako ana ena amene adabereka mwamseri, ndipo iwowa adakula osadziwa dzina lenileni la bambo wawo.