Camara Laye ndi Kanjoka Kakuda

Camara Laye anabadwa m'chaka cha 1928 ku Kouroussa, m'dziko la Guinea. Atate ake anali mmisiri wosula zitsulo ndi golide. Pamalo awo osulirapo pankabwera kanjoka kakuda kamene munthu sanali kuloledwa kukapha, popeza kanali mzimu wotsogolera mtundu wawo.

Mnyamatayo anakhoza bwino sukulu ku Conakry, kotero kuti mu 1947 anamtumiza ku France kukaphunzira zokonza magalimoto. Ndalama zitamthera, analowa ntchito pa fakitale ya Simca. Madzulo, posowa womcheza, ankalemba zimene anali kukumbukira za kwawo, ndipo mu 1953 zinatuluka m'buku lotchedwa L'Enfant noir, limene m'Chingerezi ndi The African Child.

M'bukumo ubwana ukutha pang'onopang'ono. Kanjoka kaja kakuimira nzeru za makolo zimene mwana wa sukulu sadzazilandira zonse. Mikango imene inkabangula usiku wa mwambo wa Kondén Diara, mnyamatayo anadzazindikira kuti inali timatabwa tomangidwa ku zingwe, timene anyamata aakulu ankazunguza. Potsiriza ali m'ndege, amai ake atawasiya akulira, m'thumba mwake muli mapu a sitima za pansi pa nthaka za ku Paris.

Laye anabwerera ku Guinea mu 1956, koma atasemphana ndi boma la Sékou Touré anathawira ku Senegal. Mkazi wake anakhala m'ndende zaka 7. Mwiniyo anamwalira ku Dakar mu 1980, ali ndi zaka 52, ali mlendo m'dziko la eni.