John Kirk

John Kirk (19 Disembala 1832 – 15 Januwale 1922) anali dokotala, katswiri wa zomera komanso wojambula zithunzi wa ku Scotland. Anayenda ndi David Livingstone mumtsinje wa Zambezi ndi wa Shire kuyambira 1858 mpaka 1863, ndipo zithunzi zake zili m'gulu la zithunzi zakale kwambiri za dera la Zambezi.

Anabadwira ku Barry ndipo anaphunzira udokotala ku Edinburgh. Pa nkhondo ya ku Crimea anagwira ntchito pachipatala cha Renkioi ku Turkey, komwe ankajambulanso zithunzi.

Ulendo wa ku Zambezi ndi Shire

Pa ulendowu, Kirk analembedwa ntchito ya udokotala ndi yofufuza zomera. Wojambula weniweni anali Charles Livingstone, mng'ono wake wa David, koma ntchito yake sinapindule kwenikweni. Charles ankajambulira pagalasi lopaka mankhwala, lomwe linkafunika kutsukidwa mankhwalawo asanaume. M'dera lotentha ngati chigwa cha Zambezi imeneyi inali ntchito yowawa.

Kirk ankagwiritsa ntchito pepala lonyikidwa mu phula ndi mankhwala a siliva. Pepala ndi lopepuka, silisweka ngati galasi, ndipo ankatha kulikonzeratu. Vuto lake linali lakuti kamera inkayenera kukhala yotsegula kwa mphindi zingapo kuti chithunzi chigwire. Munthu akasuntha pang'ono ankaoneka ngati utsi kapena osaoneka n'komwe. N'chifukwa chake zithunzi zake zambiri za nthawiyi ndi za zinthu zosayenda: mitengo ya mlambe, nyumba za ku Sena ndi ku Tete, matanthwe ndi magombe a mtsinje. Wozionera lero angaganize kuti dzikolo linalibe anthu, chikhalirecho m'mbali mwa mitsinje imeneyi munali midzi ndi minda yambiri. Zithunzizi si za mitundumitundu. Zimaoneka zotuwa kapena zofiirira ngati khofi wamkaka.

Mu 1859 gululi linakwera Shire pasitima ya Ma Robert mpaka mudzi wa Chibisa, pafupi ndi Chikwawa, pomwe mathithi anatseka njira. Kuchokera pamenepo Kirk ndi Livingstone anayenda pansi n'kukafika ku nyanja ya Chilwa mu Epulo ndi ku nyanja ya Malawi mu Seputembala. Ena mwa Amakololo amene ankayenda ndi Livingstone anakhazikika m'chigwachi n'kukhala mafumu. Mmodzi wa iwo anali Katunga, amene mudzi wake unadzakhala doko lotsikirapo anthu opita ku Blantyre.

Mu 1860 bwato la Kirk linagudubuzika pa mathithi a Cahora Bassa. Iye anapulumuka, koma zolemba zake zambiri za zomera zinapita ndi madzi. Anasiya ulendowu mu 1863 atadwala kamwazi.

Ku Zanzibar

Mu 1866 anapita ku Zanzibar, ndipo pambuyo pake anakhala kazembe wa Britain kumeneko. Mu Juni 1873 anakakamiza Sultan Barghash kusaina pangano lotseka msika wa akapolo. Ambiri mwa anthu ogulitsidwa pamsikawo ankachokera kumadera ozungulira nyanja ya Malawi. Kamera sanaitaye: anajambula doko la Zanzibar, nyumba zake ndi gombe la nyanja.

Anamwalirira ku Sevenoaks ku England ali ndi zaka 89. Zithunzi zake zambiri zimasungidwa ku National Library of Scotland, ndipo mapiri a Kirk Range, a m'malire a Malawi ndi Mozambique kumbali ya Ntcheu ndi Neno, anatchedwa dzina lake.